Tinali anthu 80, koma ankatiwerenga ngati mmodzi

Mwezi wathawu ndinapita ku Ndirande kukaona amalume, amene masiku ano miyendo ikuwavuta. Ndinawapeza pakhonde, kawailesi kali pamwendo. Titalonjerana ndinazungulira kuseri kukasamba m'manja, ndipo kumeneko ndinaona chinthu chimene ndinali nditachiiwala kalekale: dishi ya kanema, itagonekedwa chagada pa njerwa zinayi, akazi awo atayanikapo nkhwani wa mfutso. Utoto unasuluka, m'mphepete munachita dzimbiri, koma ndinaizindikira nthawi yomweyo. Ndine ndinagwira makwerero tsiku limene inkakwezedwa padenga.

"Amalume, dishi ija mukadali nayo?"

"Ndiitayirenji, mphwanga? Inatidyetsa imene ija."

Dishiyo inali ya GTV, kanema wolipira pamwezi. Ana a masiku ano ukawatchulira GTV sadziwa kuti ukunena chiyani, ndipo sindiwadabwa. Kanemayo anakhala ndi moyo chaka ndi theka chokha. Koma kwa ife amene tinali anyamata mu 2007, m'makwalala a Ndirande, Bangwe, Mbayani ndi Zingwangwa, chaka ndi theka chimenecho chinasintha momwe Loweruka limayendera.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. M'nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake. TVM inayamba mu 1999, ndipo ngakhale itayamba, mpira wa ku England sunali chinthu choti n'kumauyembekezera pamenepo sabata ndi sabata. Unali pa SuperSport, mkati mwa DStv, imene inayamba mu 1995. Mtengo wake unali wa anthu a ku Nyambadwe, Namiwawa ndi Sunnyside, wa mahotela ndi mabala akuluakulu. Ife tinkaonera pazenera la bala, titaima chonyang'ama, mpaka mlonda atatithamangitsa. Sho ya amalume nthawi imeneyo inkaonetsa mafilimu a karate ndi a ku Nigeria basi. Inali kachipinda ka matabwa ndi malata akale, mabenchi asanu ndi awiri, sikilini imodzi pamwamba pa shelefu, ndi sipika yoloza kumsewu yoitanira anthu.

Kenako mu 2007 kunamveka kuti kwabwera kampani yatsopano. GTV inali ya Gateway, likulu lake lili ku London, ndipo amene anaiyambitsa anali Julian McIntyre. Inayambira ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, n'kumatsika kufika kuno. Chimene chinagwedeza aliyense n'chakuti inagula ufulu woonetsa magemu 80 pa 100 aliwonse a Premier League kwa zaka zitatu, kuyambira nyengo ya 2007/08. SuperSport, imene tonse tinkaiona ngati mwini wake wa mpira, inatsala ndi magemu 20 okha pa 100. Ndipo mtengo wa pamwezi wa GTV unali wotsikirapo kwambiri poyerekeza ndi wa DStv yokhala ndi mpira wonse. Amalume anawerengera usiku umodzi pakuseri kwa kope la sukulu, m'mawa mwake n'kugulitsa njinga yawo ya kabaza, kuwonjezera ndi ndalama ya chipereganyu, n'kukatenga dishi ndi dikoda.

Ntchito yanga inali ya pakhomo. Ndinkakhala pa kasitulu, chitini cha mkaka chili pakati pa miyendo, kutolera ndalama. Gemu wamba inali K20, ikakhala ya matimu akuluakulu K30. M'mawa ndinkalemba pabolodi ndi choko matimu osewera tsikulo ndi nthawi yake, n'kukaliimika pamsewu. Nthawiyo ndinaiphunzira msanga: gemu yoyamba 3 koloko ku England kuno imakhala 4 koloko mu Ogasiti ndi Seputembala, koma kukafika kumapeto kwa Okutobala iwo akabweza mawotchi awo imasanduka 5 koloko. Anthu ankabwera kudzandifunsa chifukwa chimene nthawi yasinthira, ena akuganiza kuti amalume akufuna kuwabera.

M'kachipinda kaja munkalowa anthu 80 pa gemu yaikulu. Ndikunena nambala imeneyi motsimikiza chifukwa ndinkawerenga ndalama ndekha. Mabenchi akadzaza, ana ankakhala pansi kutsogolo, mitu itapendekera m'mwamba, ndipo akuluakulu ochedwa ankaima kumbuyo atatsamira matabwa. Mu Okutobala malata ankatentha moti anthu ankavula malaya. Fungo la thukuta linkasakanikirana ndi la chiwaya cha panja, kumene mnyamata wina ankagulitsa tchipisi kwa anthu otuluka pa hafu. Magetsi akathima panali mphindi ziwiri kapena zitatu za mdima ndi phokoso, amalume akulimbana ndi chingwe cha jenereta, ndipo sikilini ikayakanso aliyense ankayamba wayang'ana pakona pomwe pamalembedwa zigoli.

Inali nyengo yabwino yoyambira kuonera. Cristiano Ronaldo anamwetsa zigoli 31 mu ligi chaka chimenecho, Manchester United n'kutenga chikho. Koma chimene chinkadzaza sho yathu kwenikweni anali anyamata a kuno ku Africa. Chelsea inali ndi Didier Drogba, Michael Essien, John Obi Mikel ndi Salomon Kalou. Arsenal inali ndi Kolo Touré, Emmanuel Eboué ndi Emmanuel Adebayor, amene anagoletsa 24. Anthu ambiri a msinkhu wanga amene lero amati ndi a Chelsea kapena Arsenal mpaka imfa anasankha timuyo m'zipinda ngati imeneyi, chifukwa cha nkhope imodzi yofanana ndi yawo.

Ndiye panali Benjani. Benjani Mwaruwari anabadwira ku Bulawayo ndipo ankasewerera dziko la Zimbabwe, koma makolo ake ndi ochokera kuno ku Malawi, ndipo nkhani imeneyi aliyense mu Ndirande ankaidziwa. Pa 29 Seputembala 2007 Portsmouth inagonjetsa Reading 7-4, iye n'kumwetsa zitatu. Zigoli zimenezo tinaziona mobwerezabwereza sabata yonse. Atagoletsa ankaloza chala kutsogolo, ndipo ana a m'dera mwathu anayamba kuloza chala chomwecho akagoletsa ndi mpira wa mapepala. Mu Febuluwale 2008, atangosamukira ku Manchester City, gemu yake yoyamba inali yolimbana ndi United ku Old Trafford. Anagoletsa, City n'kupambana 2-1. Ndimakumbukira bambo wina wa ku Karonga, wosoka nsapato pamsika, sapota wa United wamagazi, amene tsiku limenelo anayenda msewu wonse akuuza aliyense kuti dzina lija ndi la kwawo, azungu angolipotoza. Timu yake inagonja, koma iye nkhope inali ikuwala.

Amalume m'miyezi imeneyo anabweza ndalama ya njinga, anafolera nyumba malata atsopano, ndipo fizi yanga ya Fomu 3 inachokera m'chitini chomwe chija. Wa tchipisi uja anagula chiwaya chachiwiri. Mumsewu mwathu mokha munatsegulidwa masho ena awiri. Ndikamva anthu akunena za GTV ngati nkhani ya kampani yolephera basi, ndimadziwa kuti sanakhalepo pakhomo la sho.

Loweruka limodzi lokha ndi limene ndimakumbukira amalume akutseka sho mwa kufuna kwawo. Linali la 14 Juni 2008. Ligi ya ku England inali patchuthi, ndipo mafilimu sakanakopa munthu tsiku limenelo, chifukwa Flames inkalandira Egypt pa Kamuzu Stadium. Egypt inali itangotenga kumene chikho cha Africa kachiwiri motsatizana. Kinnah Phiri anali atangoyamba kumene uphunzitsi wa timu ya dziko, ndipo masabata awiri m'mbuyomo anyamata anali atakwapula Djibouti 8-1. Tinayenda wapansi kuchoka ku Ndirande mpaka ku Chichiri, gulu likukulirakulira m'njira. Gemu inakhala ya ndendende mpaka mphindi zowonjezera, pomwe Chiukepo Msowoya anagwedeza ukonde. Phokoso la tsiku limenelo sindinalimvenso kwina kulikonse. Pobwerera amalume ananena mawu amene ndinawamvetsa patapita zaka: akuti chigoli ngati chimenechi chikanajambulidwa ndi makamera ambiri ngati zija za Ronaldo, akanachionetsa mwezi wathunthu ndipo anthu akanalipirabe pakhomo.

M'mayiko ena GTV inayesadi kuchita zimenezo. Inaika ndalama mu ligi ya ku Uganda n'kumaijambula. Inathandiza mpikisano wa CECAFA, wa mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, wa 2007 ku Dar es Salaam umene Sudan inapambana, ndi wotsatira wake ku Uganda umene eni bwalo anatenga mu Januwale 2009. Kwa ine ichi ndicho chinali chanzeru kwambiri pa zonse zimene kampaniyo inachita, ngakhale kuti pa nthawiyo sitinkachilabadira. Kuno TNM inali itangoyamba kumene kuthandiza Super League, Escom United n'kutenga ligi ya 2007, Silver Strikers ya 2008. Mpira unalipo. Koma mnyamata wa K30 m'thumba ankayenera kusankha: kukwera minibasi kupita ku sitediyamu kukaona Maule kapena Manoma, kapena kuyenda masitepe makumi awiri kukaona Drogba. Ambiri tinasankha Drogba. Ngakhale amene apita ku sitediyamu ankayamba kutuluka gemu isanathe kuti akapeze malo pa benchi 4 koloko isanakwane.

Mu Seputembala 2008 banki ya Lehman Brothers inagwa ku America. Tinamva pa wailesi, koma palibe mu Ndirande amene anaganiza kuti nkhaniyo ingafike padenga la amalume. Inafika Lachisanu pa 30 Januwale 2009. Gateway Broadcast Services inalengeza kuti yatseka, ndipo masikilini anathima m'mayiko 22 nthawi imodzi. M'chikalata chake kampaniyo inati inali italowetsa madola 200 miliyoni a ku America, inali ndi makasitomala opitirira 100,000, ndipo mavuto a zachuma a padziko lonse anaitsekera njira zopezera ndalama zina zopitirizira ntchito.

Pabolodi langa panali patalembedwa kale gemu ya Lamulungu, Liverpool ndi Chelsea. Ndinaifufuta ndi chisanza chonyowa. Zigoli ziwiri zimene Fernando Torres anamwetsa kumapeto kwa gemuyo tinachita kuzimva kwa anthu. Pasanapite nthawi magemu onse anabwerera ku SuperSport.

Kwa zaka zambiri ndinkangovomereza kuti GTV inaphedwa ndi mabanki a ku America. N'zoona ndithu, koma nditakula ndinayamba kuziyang'ana nambala zija ndi maso a munthu amene anagwirapo chitini. Makasitomala 100,000 m'mayiko 22 ndiye kuti anthu pafupifupi 4,500 pa dziko lililonse. Madola 200 miliyoni ukawagawa kwa makasitomala amenewo, aliyense anadyera kampaniyo madola 2,000. Munthu wolipira madola makumi angapo pamwezi angabweze liti ndalama yotere? Kampaniyo inkayenda pa ngongole, ikuyembekezera kuti makasitomala achuluka msanga ngongoleyo isanaipeze. Mabanki atatseka zitseko, nthawi yodikira inatha.

Koma anthu oonera analipo, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umakhala. M'mabuku a ku London sho ya amalume inali kasitomala mmodzi. M'chipindamo tinali 80. Kalembera wa 2008 anapeza kuti Malawi inali ndi anthu 13 miliyoni, ndipo mzinda wa Blantyre wokha unali ndi oposa 660,000. Nyumba zokhala ndi magetsi m'dziko lonse sizinkakwana imodzi pa khumi zilizonse. Munthu wopanda magetsi sagula dikoda, ngakhale itatchipa motani. Amapita kwa amene ali nayo, n'kulipira K30. Nthawi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi K140, choncho gemu yaikulu yodzaza chipinda inkabweretsa K2,400, madola 17 okha. Ndalama imeneyo inkakwana kugula mafuta a jenereta, kulipira pamwezi, ndi kudyetsa banja. Sinali ndalama yoti n'kukwera mpaka kukafika kwa eni ligi ku England, amene amagulitsa mpira wawo kwa wopereka zambiri ndipo salandira kwacha.

Amene anapanga mapulani a GTV ankaona Africa ya mabanja apakati, banja lililonse ndi dishi yake pakhoma. Africa imene inawalandira ndi manja awiri inali ya mabenchi. Ife timaonera mpira momwe timadyera nsima ya pamaliro kapena paukwati, pagulu, ndipo si umphawi wokha umene umatichititsa zimenezo. Ndikudziwa anthu lero amene ali ndi sikilini yaikulu pabalaza koma gemu ya Arsenal ndi United amakaonera ku bala, chifukwa chigoli chopanda wokangana naye sichikoma. Kampani imene ingadzapeze njira yowerengera anthu 80 aja, yotolera K30 ya aliyense mwachilungamo popanda kupha mwini sho, ndiyo idzakhale. GTV sinakhale ndi nthawi yoti n'kuiphunzira njirayo.

Sinagwe yokha. Ku Nigeria, HiTV inalandanso mpira wa ku England mu 2007 momwemo, ndipo pofika 2011 inali itatseka. Patapita zaka kunabwera Kwesé, ya Econet, kampani ya Strive Masiyiwa wa ku Zimbabwe. Inayamba mu 2016 ndi chiyembekezo chachikulu, ndipo ambirife tinaikonda chifukwa mwini wake anali munthu wa kuno kwathu, woyandikana naye nyumba. Inali ndi basiketibo ya NBA, inaonetsa World Cup ya 2018 ya ku Russia, ndipo inkapereka gemu imodzi ya Premier League yaulere Loweruka lililonse. Mu 2019 inatseka. Chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake anapereka chinali chakuti ogulitsa mapulogalamu amafuna ndalama zakunja. Nditamva zimenezo ndinakumbukira chisanza chonyowa chija.

Ngakhale wamkulu amene anatsala yekha pabwalo, bala lomwelo limamupweteka. Mu Ogasiti 2023 MultiChoice, kampani ya DStv, inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi, itasemphana ndi MACRA pa nkhani yokweza mitengo, nkhani imene inakafika ku khoti. Inabwereranso patapita miyezi ingapo. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mpira ukugulidwa ndi madola, woonera akulandira malipiro a kwacha, ndipo nthawi iliyonse kwacha ikagwa pamakhala wina woti alire: kampani, kapena bambo wa ku Chilomoni amene ayenera kusankha pakati pa dikoda ndi thumba la chimanga.

N'chifukwa chake maso anga amabwerera ku zimene GTV inayamba ku Uganda. Mpira wa kwanu umaugula ndi ndalama ya kwanu, ndipo palibe wa ku London angadzakulande. Anzathu anaziona. Mu 2007 momwemo SuperSport inagula ligi ya ku South Africa ndi marandi 1.6 biliyoni kwa zaka zisanu, ndipo ligiyo inasintha nkhope. Gabadinho Mhango anakulira pa Bullets pompano, koma Amalawi ambiri anayamba kumuona bwinobwino pa sikilini atapita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, kenako ku Orlando Pirates, kumene anamwetsa zigoli 16 mu nyengo ya 2019/20. Ku Tanzania, kampani ya kanema ya Azam inasaina mu 2021 mgwirizano wa zaka khumi woonetsa ligi ya kumeneko, wa mashilingi oposa 225 biliyoni. Eni ake ndi a Bakhresa omwewa amene ali ndi chigayo cha ufa wa tirigu ku Limbe. Lero mu Blantyre muli anyamata odziwa osewera a Simba ndi Yanga mayina onse, chifukwa amawaona bwino, pa makamera abwino, sabata iliyonse.

Magemu athu nawonso masiku ano amaoneka pa kanema ndi pa Facebook kuposa kale, ndipo ndimayamikira anyamata amene amakwera pa nsanja ndi kamera dzuwa likuswa mtengo. Koma ndikaonera Bullets ndi Wanderers pa kamera imodzi kapena ziwiri, chigoli n'kudutsa osachionanso bwino kachiwiri, ndimamva chisoni. Derby ya Blantyre ili ndi zonse zimene kanema amafuna: mbiri ya zaka zoposa makumi asanu, mabanja ogawanika pakati pa ofiira ndi a buluu, nyimbo, ng'oma, mzinda wonse kuima. Pa 10 Okutobala 2009, miyezi isanu ndi itatu GTV itatseka, Drogba yemwe uja tinkamulipirira K30 anabwera yekha pa Kamuzu Stadium ndi Ivory Coast. Jacob Ngwira anagoletsa, Drogba n'kubweza, gemu n'kutha 1-1. Mu Januwale 2010 Flames inakwapula Algeria 3-0 ku Angola. Anyamata amenewo ambiri anachokera m'matimu omwe tinkawasiya pabwalo pothamangira benchi.

Sho ya amalume inapitirira zaka zina zingapo. Anagula dikoda ina, mtengo wa pakhomo unakwera, anthu ankabwerabe. Chinaitha pang'onopang'ono ndi ukalamba wawo, kuchuluka kwa masho ndi mabala okhala ndi masikilini akuluakulu, kenako mafoni. Pamalo pake tsopano pali saluni ndi kashopu kotumizira ndalama pa foni.

Tsiku lija ndinakhala nawo mpaka madzulo. Mdzukulu wawo anali pa sitepe, mutu uli pa foni, akuonera gemu ya ku England pa intaneti, chithunzi chikuima n'kumayendanso. Anzake atatu anamuunjirira, mapewa atagundana, mmodzi akudandaula kuti bandulo itha hafu isanakwane. Amalume anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anakweza kawailesi kawo, pomwe woulutsa ankatchula mayina a osewera a Manoma.

"Mphwanga, tandithandiza kulowetsa mfutsowo, kunja kwachita mitambo."

Ndinagwira dishiyo mbali imodzi, mdzukulu uja anaika foni m'thumba n'kugwira mbali inayo, ndipo tinailowetsa m'khitchini mvula isanayambe.